Marlin, Henry, Rossi kapena Winchester: mfuti ya lever iti yotetezera nyumba ndi yophunzirira

Mfuti ya lever ndi yachikale, koma ku America sinapume pantchito. Pansi pake pali lever, chitsulo chopindika chozungulira trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera), chimene mumalowetsamo zala zitatu. Mukachikankhira pansi, bolt, chitsulo chotseka kumbuyo kwa paipi ya mfuti, imabwerera m'mbuyo, imatulutsa chigoba cha chipolopolo chimene chalira kale, n'kukokeranso kumbuyo hamala, kanyundo komenya kuti chipolopolo chilire. Mukachibweza, kachitsulo kotchedwa carrier kamakhala katanyamula chipolopolo china kuchokera m'chubu chimene chili kunsi kwa paipi ya mfuti, ndipo bolt imachikankhira mu chamber, malo a kumbuyo kwa paipi kumene chipolopolo chimakhala powombera. Injini yake ndi dzanja lanu basi. Ubwino wake wonse uli pamenepo, mavuto ake ambiri alinso pomwepo.

Anthu a kumeneko akhala akuisunga kuseri kwa chitseko kuyambira kalekale. Mu 1892 mtolankhani Ida B. Wells, polemba za azungu amene ankapha anthu akuda popanda mlandu, ananena kuti mfuti ya Winchester iyenera kupatsidwa malo aulemu m'nyumba ya munthu wakuda aliyense. Lero chifukwa china ndi malamulo: m'zigawo ngati California ndi New York, kumene mfuti zambiri zodzilowetsera zokha chipolopolo zili ndi ziletso, ya lever munthu amaipeza mosavutikira kwambiri.

Musanafunse dzina la kampani, yang'anani polowetsera zipolopolo. Mfuti ya Henry ya mu 1860, imene anakonza Benjamin Tyler Henry, inkanyamula zipolopolo 15, koma kuti muzilowetse munkayenera kutsegula chubu kutsogolo, pafupi ndi kukamwa kwa mfuti. Mu 1866 Winchester inatulutsa mfuti yokhala ndi kachitseko ka m'mbali, nzeru ya Nelson King: kachitsulo ka sipuling'i kudzanja lamanja kamene mumakankhirapo chipolopolo n'kulowa m'chubu. Kachitseko kameneka ndi kamene kamasiyanitsa mfuti yotetezera ndi yosewerera. Muli nako, mutha kuwonjezera zipolopolo ziwiri mfuti ili yokonzeka kuwombera, italoza kumene mukufuna. Mulibe, muyenera kuitsitsa, kupotokola chubu chamkati, kuchisolola, kuponyamo zipolopolo, kenako kubwezeretsa, dzanja lanu likuyendayenda pafupi ndi kukamwa kwa mfuti nthawi yonseyo. Kampani ya masiku ano ya Henry Repeating Arms, imene inayamba mu 1996 ndipo si yomwe ija yakale, inakhala zaka zambiri ikupanga zopanda kachitseko. Inayamba kukaika mu 2019, ndipo Big Boy X ya mu 2020 ili ndi njira zonse ziwiri. Mukapeza Big Boy yakale yotsika mtengo koma yopanda kachitseko, ndi yabwino posakira ndi pophunzirira, osati pa ntchito tikukambayi.

Marlin 1894 ndi imene ine ndingaiike patsogolo. Pamwamba pake ndi potseka, zigoba zimatulukira m'mbali, motero kuikapo galasi lochalira kapena kanyali ka kadontho kofiira n'kosavuta: mabowo a masikuluwu alipo kale. Ya chipolopolo cha .357 Magnum yotchedwa 1894C ili ndi paipi ya masentimita 47, imanyamula zipolopolo 9 m'chubu, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu atatu. Chinanso chimene anthu sachiganizira pogula ndi kutsuka. Pa Marlin mumatsegula lever mpaka pakati, kumasula sikuluwu imodzi imene imagwira lever, kuchotsa lever, n'kusolola bolt kumbuyo. Paipi ili poyera, mutha kuitsuka kuchokera kumbuyo monga zimafunikira. Chenjerani ndi kachitsulo kotulutsa zigoba, ejector, kamene kamangokhala m'kamphako kumbali yakumanzere: bolt ikachoka kamagwa, ndipo kakagwera pa udzu mudzakafuna mpaka dzuwa kulowa.

Koma Marlin ndi mitundu itatu yovala dzina limodzi. Zakale zopangidwa ku North Haven m'chigawo cha Connecticut zili ndi chidindo cha zilembo JM pa paipi, ndipo ndi zimene anthu amazilimbirana. Remington inagula kampaniyi mu 2007, n'kusamutsa ntchito kupita ku Ilion, New York, ndipo mfuti za zaka zoyambirira zitasamuka zinatchuka ndi zolakwika: zochalira zopendekeka, matabwa osakhala bwino, mkati mokhakhala. Zimenezi zili ndi chidindo cha REP. Si zonse zoipa, za zaka zotsatira zinkakhalako bwino, koma ya REP musagule musanaigwire ndi kuiyendetsa. Ruger inagula dzina la Marlin mu 2020 Remington itagwa, ndipo zatsopano zikupangidwa ku Mayodan, North Carolina.

Nthenda yodziwika ya Marlin ili ndi dzina lake, Marlin jam. Pa lever pali kamphuno kamene kamakhuza kunsi kwa carrier nthawi iliyonse mukaiyendetsa. Kamphunoka kakakhala kakuthwa, pang'ono ndi pang'ono kamakumba kamzera pa carrier. Kamzerako kakazama, carrier siikwera msanga kuti itseke pakamwa pa chubu, ndiye chipolopolo chachiwiri chimasuzumira pambuyo pa choyamba. Zikatero lever imauma gwa ili chotsegula, osapita kutsogolo, osabwerera. Pamenepo palibe chanzeru chochita mwachangu, pamafunika sikuludiraiva. Mankhwala ake ndi kupewa: mmisiri wa mfuti amasalaza m'mphepete mwa kamphunoko pang'ono chabe mfuti ikadali yatsopano, ndipo carrier imene yakumbika kale amaisintha. Kachiwiri, sikuluwu ya kachitseko ka m'mbali ikamasuka, kachitsekoko kamalowa mkati n'kutsekereza carrier, zizindikiro zake n'kufanana ndi nthenda ija. Muziyamba mwaona sikuluwu imeneyo musanaganize zazikulu.

Henry Big Boy X imafanana ndi Marlin m'maonekedwe a mkati, nayonso imatulutsa zigoba m'mbali. Imanyamula zipolopolo 7 zokha, paipi yake ndi masentimita 44, ndipo kutsogolo ili ndi pomangirira tochi, chinthu chofunika kwambiri pa mfuti ya m'nyumba chifukwa simuwombera chimene simunachione bwino. Ilibe batani la safety loletsa mfuti kulira. M'malo mwake muli kachitsulo kotchedwa transfer bar, kamene kamalola hamala kufika pa firing pin, kamsomali kogunda chipolopolo, pokhapokha trigger itakokedwa. Kwa munthu wophunzira, kusowa kwa batani kumachepetsa zoiwala. Big Boy ya mkuwa ija yonyezimira, yokongola pachithunzi, imalemera pafupifupi makilogalamu anayi, ndipo kulemerako kuli kutsogolo chifukwa cha paipi yake ya makona asanu ndi atatu. Yesani kuigwira paphewa mphindi zitatu muone.

Rossi R92 ya ku Brazil ndi kope la Winchester 1892, imene anakonza John Browning. Bolt yake imatsekedwa ndi zitsulo ziwiri zokwera choimirira kumbuyo kwake, ndipo ndi yolimba moti Rossi inapangapo ya chipolopolo champhamvu cha .454 Casull. Ndi yopepuka kuposa zinzake zonse, yopyapyala m'manja, komanso ndi yotsika mtengo. Ya paipi ya masentimita 41 imanyamula zipolopolo 8, ya masentimita 51 imanyamula 10. Zovuta zake ndi zitatu. Ikamachokera kufakitale nthawi zambiri imakhala youma, masipuling'i ake olimba mopitirira, moti kachitseko kamaluma chala ndipo zigoba zimauluka kutali. Zigobazo zimatulukira pamwamba, choncho galasi silingakhale pamalo ake a nthawi zonse, pokhapokha mutachotsa chochalira chakumbuyo n'kumanga kanjanji patsogolo pa paipi. Ndipo kuimasula kuti mutsuke ndi ntchito ya tsiku la Loweruka, yofuna zida ndi kuleza mtima, n'chifukwa chake ambiri amangokoka chingwe chotsukira m'paipi. Kuuma kuja kumachepa mukaiyendetsa maulendo mazana angapo ndi mafuta pang'ono. Munthu wa ndalama zochepa amene ali wokonzeka kuisamalira, Rossi siimukhumudwitsa.

Winchester 1873 ndi nkhani ina. Zatsopano zimapangidwa ndi Miroku ku Japan, ndipo Uberti ya ku Italy imapanga makope ake. Mkati mwake muli timikono tiwiri topindika ngati bondo, ndipo carrier yake ndi kabokosi kamkuwa kongokwera ndi kutsika molunjika. Palibe ina yoyenda mofewa ngati iyi, n'chifukwa chake pa mipikisano ya Single Action Shooting Society, bungwe limene linayamba mu 1987, akatswiri ambiri amagwira 1873. Koma ndi yolemera, yodula, ndipo kabokosi kaja kamafuna chipolopolo cha utali woyenera. Chikafupika kwambiri, chotsatira chake chimalowa nawo m'kabokosi n'kukatsekereza. Ndi mfuti ya masewera.

Winchester 1894 ndi Marlin 336, zonse za chipolopolo cha .30-30, ndi zimene zadzaza m'nyumba za kumidzi ya ku America, mamiliyoni ndithu. Zimanyamula zipolopolo 6 kapena kuposerapo pang'ono. Apa mpamene nkhani imachoka pa mfuti n'kupita pa chipolopolo.

Chipolopolo cha .357 Magnum chinapangidwira mfuti yam'manja, koma chikalowa m'paipi yaitali chimasanduka china. Mutu wa magalamu 10, umene pa bokosi amalemba 158 grain, umatuluka mu revolver, mfuti yam'manja ija, pa liwiro la mamita pafupifupi 375 pa sekondi. M'paipi ya masentimita 47 umafika pakati pa 520 ndi 550, chifukwa onga wake wosapsa msanga umapeza mpata wopsa wonse. Chikhalirecho mfutiyo siigunda paphewa kwenikweni, mwana wa sekondale kapena agogo atha kuigwira. Pali msampha umodzi: mitu yopepuka ya 125 grain yokhala ndi kabowo kutsogolo inapangidwira liwiro la revolver, ndipo ikathamanga kupitirira mamita 600 pa sekondi ina imasweka msanga osalowa mokwanira. Mu mfuti yaitali sankhani 158 grain. Ya .44 Magnum imaponya mutu wa magalamu oposa 15 pa liwiro la mamita pafupifupi 530. Imagunda paphewa koonekeratu, ndi yodula, ndipo phindu lake limaoneka kwa amene akuopa nguluwe kapena chimbalangondo chakuda pafamu. Ya .30-30, imene inatuluka mu 1895, imaponya mutu wa 150 grain pa mamita oposa 700 pa sekondi ndipo imagwetsa gwape pa mtunda wa mamita 150. Pabwalo la famu ndi yabwino. M'nyumba za ku America, zimene makoma ake amkati ndi mabolodi a gypsum okhomera pa matabwa, imaboola chipinda ndi chipinda mpaka kwa aneba, ndipo kulira kwake m'kanjira ka m'nyumba kumawononga makutu. Kunena zoona ngakhale .357 imaboola makoma otere angapo, kungoti .30-30 imaposa. Za .45-70 ya Marlin 1895 tisataye nthawi, imeneyo ndi ya zimbalangondo za ku Alaska.

Lamulo limodzi la chubu silisintha: zipolopolo zimagona mondondozana, mphuno ya china itagunda primer ya chinzake chakutsogolo, kabatani ka kuthako koyatsa onga. Mutu wosongoka wolimba utha kuphulitsa chakutsogolocho mfuti ikagunda, chubu n'kuphulikira m'dzanja lanu lamanzere. Gwiritsani ntchito mitu yaphwatalala kapena yobulungira. Hornady inatulutsa mtundu wa LEVERevolution wokhala ndi nsonga yofewa ya pulasitiki kuti ithetse vuto lomweli, ndipo imeneyo ndi yololedwa.

Chimene chimapangitsa .357 kupambana pophunzira n'choti mfuti yomweyo imadyanso .38 Special, chotsika mtengo komanso chofatsa. Koma apa pali zinthu zinayi zoti mudziwe. Chigoba cha .38 ndi chachifupi ndi mamilimita atatu ndi theka, 29.3 poyerekeza ndi 32.8, ndiye mfuti zina zimachikana kapena kuchitaya kunja chisanalowe mu chamber, makamaka chikakhala cha mutu waufupi. Zipolopolo za mutu wodulidwa ngati chitsekerero cha botolo, wadcutter, sizilowa n'komwe mu mfuti zambiri za lever. Chachiwiri, mukawombera .38 zambiri, mwaye umaundana mu chamber pamalo pamene chigoba chachifupicho chimathera. Mukabwerera ku .357, chigoba chachitali chimakwera pa mwayewo n'kukakamira potuluka. Tsukani chamber ndi burashi ya mkuwa musanasinthe. Chachitatu, .38 yofooka kwambiri, makamaka ya mutu wokutidwa ndi kopa, itha kuthera mphamvu m'kati mwa paipi yaitali. Mukamva kulira kwachilendo, kofooka ngati kukhosomola, imani, tsitsani zonse, muone m'paipi. Kuwomberanso china pamwamba pa mutu wokakamira kumatupitsa kapena kung'amba paipi. Chachinayi, .38 ndi .357 sizigwera pamalo amodzi pa chandamale, pa mamita 50 kusiyana kwake kumaoneka ndi maso. Zochalira muzikonzere chipolopolo chimene mudzasungire nyumba, ndipo chimenecho muwombereko mazana awiri musanachikhulupirire.

Tibwere ku manja. Cholakwa chachikulu cha ophunzira ndi kunyengerera lever. Munthu amaikankha mwamantha, osafikitsa kumapeto, n'kuibweza. Zotsatira zake ndi ziwiri: mwina chigoba chakale sichituluka, kapena chimatuluka koma carrier sinanyamule chatsopano, ndiye mumatseka pa chamber yopanda kanthu n'kumva hamala ikungoti khe. Lever imafuna nkhanza pang'ono. Ikankheni mpaka igunde, ibwezeni mpaka itseke, simungaithyole. Cholakwa chachiwiri ndi kutsitsa mfuti paphewa pofuna kuyendetsa lever. Thako la mfuti likhale paphewa, tsaya pa thabwa, maso pa chandamale, dzanja lamanzere likukokera mfuti kumbuyo kuti isagwedezeke pamene lamanja likugwira ntchito. Chala cha mkombaphala chituluke mu trigger lever ikamatsika, apo ayi pobweza mudzachitswanya pakati pa lever ndi trigger, kapena kuwombera musanafune.

Pa Marlin, Winchester 1894 ndi 1873 pali kapini kunsi kamene lever imakadina ikatsekeka bwinobwino. Mukapanda kufinya lever, trigger siiyenda, ndipo wophunzira amaganiza kuti mfuti yafa. Pa Marlin zopangidwa kuyambira m'ma 1980 palinso batani la safety lopingasa kumbuyo, ndipo khalidwe lake ndi lachinyengo: likakhala lotseka, trigger imakokeka, hamala imagwa, koma imagunda batanilo osafika pa firing pin. Mumamva khe, mukayendetsa lever mumataya chipolopolo chabwinobwino pansi, mukokanso, khe. Alenje ambiri aphonya nyama motere. Sankhani njira imodzi yogwiritsira ntchito batanilo ndipo muziibwereza mpaka chala chizolowere.

Zambiri mwa izi zimaphunziridwa kunyumba ndi zipolopolo zabodza zopanda onga, zimene zimagulitsidwa za mtundu wowala kuti musazisokoneze ndi zenizeni. Zenizeni zonse zikhale m'chipinda china. Mphindi khumi patsiku zikwana. Polowetsa pa kachitseko, musakankhe chipolopolo mpaka kumapeto ndi chala: siyani thako lake likusuzumira, ndipo mulikankhe ndi mphuno ya chotsatira. Chomaliza chokha ndi chimene mumalowetsa chonse ndi chala chachikulu, mpaka kachitseko katsekeke, chifukwa kakatsala kotsegula lever siiyenda. Pabwalo lowomberera, yambani pa mamita 10 ndi mbale yapepala ya masentimita 20. Womberani ziwiri, lowetsani ziwiri, womberani ziwiri, lowetsani ziwiri. Mfuti ya lever siifuna kudikira kuti zipolopolo zithe, chifukwa kudzaza chubu chonse kumatenga nthawi yaitali kuposa kusintha magazini pa mfuti zamakono, ndipo kufooka kwake kwenikweni ndi kumeneku. Mbale ikamadzaza mabowo osaphonya, pitani pa mamita 25, kenako 50. Phunziraninso kuponya chipolopolo chimodzi molunjika mu chamber lever ili yotsegula: pa Rossi ndi Winchester mumaponyera pamwamba, pa Marlin ndi Henry mumapendeketsa mfuti kumanzere n'kuponyera pa bowo la m'mbali.

Amene angakwanitse mfuti ziwiri, yachiwiri ikhale ya .22 LR, monga Henry H001 imene imanyamula zipolopolo 15. Mtengo wa bokosi limodzi la .357 umagula .22 zochuluka kangapo, ndipo kuyendetsa lever, kuchalira ndi kukoka trigger ndi chimodzimodzi. Chimene siingakuphunzitseni ndi kachitseko, chifukwa ilibe, komanso lever yake imayenda kamtunda kakafupi, ndiye mukabwerera ku yaikulu samalani ndi vuto lonyengerera lija. Zochalira zimene mfuti zambiri zimabwera nazo, zooneka ngati nyanga za mbawala, zimaphimba theka la chandamale. Kamphete kotakasuka kakumbuyo, ghost ring, monga ta XS kapena Skinner, n'kachangu kwambiri, ndipo kwa maso okalamba kadontho kofiira kamaposa zonse.

Posunga, ambiri amadzaza chubu, chamber n'kuisiya yopanda kanthu, hamala ili pansi, mfuti ili m'kabati yachitsulo yokhoma. Ikafunika, kuyendetsa lever kamodzi kwakwana. Njira imeneyi imakupulumutsani ku ntchito yoopsa kwambiri pa mfutizi, yotsitsa hamala ndi chala pamwamba pa chipolopolo chamoyo. Chala chikakhala ndi thukuta kapena chazizira, hamala imapulumuka. Kutsitsa zipolopolo nako kuli ndi ngozi yake, popeza pa mfuti ya kachitseko kokha chilichonse chimadutsa m'kati hamala ili yokoka. Lozetsani kumalo kotetezeka, chala kutali ndi trigger, batani la safety lotseka ngati lilipo, ndipo muwerenge zimene zatuluka. Mukatha yendetsani lever kawiri kapena katatu, kenako suzumirani mpaka muone follower, kachitsekerero kamene sipuling'i ya m'chubu imakankha. Chubu chikachita dzimbiri kapena kubonyoka, chipolopolo chimatha kukakamira m'kati n'kudzatsika mawa lake mfuti itagwedezeka. Pa Henry ya chubu chosolola mumangokhuthula, koma chimodzi chimatha kutsalira pa carrier, choncho lever muiyendetsebe. Ndipo chipolopolo chimene chalowa ndi kutuluka kambirimbiri chiyerekezeni ndi chatsopano: mutu ukayamba kumira m'chigoba, mphamvu ya kuphulika imakwera mopitirira muyeso, chichotseni pa mzere.

Kwa abale amene ali kunja, malamulo ndi osiyana kwambiri ndi a ku America. Ku England, Scotland ndi Wales, mfuti zam'manja zitaletsedwa mu 1997 pambuyo pa zoopsa za ku Dunblane, kumene munthu anapha ana a sukulu ndi mfuti, makalabu ambiri anatembenukira ku Marlin 1894 ya .357 ndi .44 pa mpikisano wotchedwa gallery rifle, umene umachitikanso pa bwalo lowomberera la ku Bisley. Koma apolisi a kumeneko salandira kudziteteza ngati chifukwa chopezera chiphaso, ndi masewera kapena kusaka basi. Ku South Africa, gawo 13 la Firearms Control Act ya mu 2000, limene limapereka chiphaso chodzitetezera, limakamba za mfuti yam'manja kapena shotgun, ndiye ya lever munthu amaipempha ngati ya ulenje kapena ya masewera.